Chimera cha ku Mwanza, Koji wa ku Japan: Mitundu ya Mowa ndi Kamwedwe Kake

Amene amadutsa pa Mwanza paulendo wa ku Tete, Harare kapena Joni amakumbukira zinthu ziwiri: milu ya manachesi m'mbali mwa msewu wa M6 nyengo yachisanu, ndi mzere wa mathiraki odikira mapepala pachipata asanawolokere ku Zobue. Ena mwa mathiraki olowa m'dziko muno amasenza vinyo ndi mowa wa m'mabotolo, ndipo botolo lililonse limadzinenera lokha: dzina lake, kwawo, ukali wake, mwinanso chaka chimene mphesa zake zinathyoledwa. Koma ukasiya tala n'kulowa m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache kapena kwa Govati, umapeza mowa wina wakale kuposa msewuwo, wopanda pepala, wofululidwa kuseri kwa nyumba m'mbiya kapena mumgolo.

Anthu a m'tauni ambiri amauphatikiza wonsewu n'kuutcha mowa wakumudzi, ngati ndi chinthu chimodzi. Mayi wofulula sangavomereze zimenezo. Iye amadziwa kusiyana kwa chimera cha mawere ndi cha chimanga, amadziwa mowa wa lero ndi wogona, amadziwa woyenera pamaliro ndi wongogulitsa Loweruka.

Pofuna kuona bwino luso limeneli, ndi bwino kuliika pambali pa la dziko lina limene linatenga mowa wa njere n'kuupatsa mayina, miyeso ndi malamulo. Amalawi ambiri amadziwa Japan chifukwa cha magalimoto ndi achinyamata odzipereka a JICA, amene akhala akubwera kuno kuyambira 1971. Mowa wa dzikolo, sake, amautcha vinyo wa mpunga m'mabuku ambiri. Koma pa kapangidwe kake sake si mbale wa vinyo ayi. Mbale wake ndi masese.

Vuto la njere

Chipatso sichivuta. Masau kapena manachesi akapsa amakhala kale ndi shuga, ndipo yisiti, tizamoyo tosaoneka ndi maso timene timapezeka pakhungu la zipatso ndi m'ziwiya, imangodya shugayo n'kutulutsa mowa ndi mpweya umene umachititsa thovu. Njere ndi nkhani ina. Chimanga, mapira, mawere ndi mpunga zimasunga chakudya chake ngati sitachi, ndipo yisiti siitha kudya sitachi. Wina ayenera kuyamba waiphwanya kuti isanduke shuga. Mtundu uliwonse wa anthu umene unafulula mowa wa njere unayenera kupeza yankho pa vuto limeneli.

Yankho la kuno ndi chimera. Njere zimanyikidwa m'madzi, kenako zimafunditsidwa m'thumba kapena m'dengu pamalo a mthunzi mpaka zitatulutsa timizu ndi timphukira. Njere ikamamera imadzutsa yokha zinthu zimene asayansi amati ma enzyme, kuti isungunule sitachi yake idyetse kambewu katsopano. Wofulula amaidula ulendo pomwepo: amayanika padzuwa, n'kusinja kapena kupita nazo kuchigayo. Ufa umenewu ukathiridwa m'phala, mphamvu ija imagwira ntchito pa phala lonse. Ndiye chifukwa chake phala lolimba limasungunuka n'kuyamba kutsekemera pakangopita maola ochepa, ngakhale popanda supuni imodzi ya shuga wa ku Nchalo.

Pamenepa ndi pamene pagona luso. Chimera chikathiridwa m'phala lotentha kwambiri chimafa, phala limangokhala phala. Chikathiridwa m'lozizira chimachita ulesi, ndipo tizilombo towawasitsa timapeza mpata. Mabuku a zamowa amati chimera chimagwira bwino ntchito pa madigiri cha m'ma 60. Amayi a m'mudzi amayeza ndi chala, ndipo saphonyaphonya.

Anthu a ku Japan anatsata njira ina, imene inachokera ku China. Mpunga wopuntha sumera, choncho sungapange chimera. M'malo mwake amaufutsa ndi nthunzi, n'kuuyala m'chipinda chofunda, n'kuwazapo fumbi la nkhungu yosankhidwa bwino yotchedwa Aspergillus oryzae. Pakatha masiku awiri njere iliyonse imakhala itayera mbuu ndi nkhunguyo, ikununkhira bwino. Ameneyo ndiye koji, ndipo ntchito yake ndi yofanana ndendende ndi ya chimera. Koji yemweyo ndi amene amapangira soya sosi ndi miso.

Kalekale kunalinso njira yachitatu, ku Japan komweko ndi ku South America: kutafuna njere n'kulavulira mumphika, poti malovu a munthu nawonso amaphwanya sitachi. Tithokoze kuti makolo a kuno anasankha chimera.

Kuyambira pa thobwa

Mitundu ya zakumwa za njere kuno imasiyana makamaka ndi nthawi. Chakumwa chimodzi chomwecho chimasintha dzina, omwa, ngakhale ulemu wake, malinga ndi masiku amene chagona.

Poyambira ndi thobwa. Phala la mgaiwa likaphikidwa n'kupola pang'ono, amathira chimera, n'kulisiya kuti litsekemere. Kenako amaliwiritsanso, ndipo kuwiritsa kwachiwiriko kumaimitsa ntchito ya chimera n'kupha tizilombo tambiri. Mawa lake thobwa lakonzeka. Saliona ngati mowa, ndipo n'chifukwa chake limalowa paliponse: pachinkhoswe, paukwati wa kutchalitchi, pamaliro, m'munda nthawi yolima, m'mabotolo a pulasitiki pamsika wa pa Mwanza. Mkulu wa mpingo amamwa, Msilamu amamwa, mwana wa sukulu amamwa. La chimera cha mawere limakhala lofiirira ndi lonunkhira kuposa la chimera cha chimanga, ndipo odziwa thobwa amalifunafuna. Likagona masiku angapo limayamba kuwira ndi kuluma lilime, ndipo apa mkulu wa mpingo uja amayamba kufunsa kuti linaphikidwa liti.

Ku Japan kuli chofanana nacho, amazake: mpunga wophika wosakaniza ndi koji, wosungidwa pofunda usiku umodzi. Amatsekemera popanda shuga, ndi wa phalaphala, ndipo amaperekedwa wotentha m'makachisi a Shinto pachaka chatsopano, kwa ana ndi akulu omwe.

Mowa wa masese umayamba ngati thobwa koma umapitirira. Phala limasiyidwa kuti liwawase, limaphikidwanso nthawi yaitali, limapozedwa, kenako limalandira chimera china n'kusiyidwa kuti liwire. Ntchito yonse imadya masiku angapo, ndipo pamowa wa mwambo amayi a mudzi wonse amagawana: ena nkhuni, ena madzi, ena kutakasa. Mowa ukapsa amaukuntha, kale pogwiritsa ntchito khuntho lolukidwa, lero nthawi zambiri ndi thumba kapena sefa. Kuwawasa kwake si ngozi. Kumachokera ku mabakiteriya a mtundu womwe umapanga chambiko, ndipo kumateteza mowawo ku tizilombo tina toipa, kwinaku kukuupatsa kukoma kumene omwa amafuna. Ukali wake ndi wochepa, kawirikawiri sufika pa magawo 5 pa 100 alionse. Maphikidwe ndi mayina amasiyana dera ndi dera, monga chikokeyani ndi kabanga, ndipo masiku ano ena amawonjezera shuga ndi yisiti ya m'sitolo kuti mowa upse msanga ndi kuluma kwambiri. Akuluakulu ambiri amaudandaula mowa wachangu wotere kuti umangopweteketsa mutu.

Chachikulu pa masese n'chakuti amamwedwa akali amoyo. Yisiti imakhala ikugwirabe ntchito m'chipanda momwemo. Mowa wa m'mawa ndi wotsekemera, wa madzulo ndi waukali, wa mkuja wasasa. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha kumafika poipa m'madera otsika a kufupi ndi Shire, ulendo wonsewu umathamanga. N'chifukwa chake mowa wa masese suyenda mtunda wautali. Ngakhale Chibuku cha m'mapaketi, chimene Max Heinrich anayambitsa ku Copperbelt m'zaka za m'ma 1950, chimakhala ndi kabowo kotulutsira mpweya, ndipo ogula amafunsa tsiku limene chinafika.

Mbale wa masese ku Japan ndi doburoku, mowa wa alimi, woyera ngati phala, wosasefa. Wina wofala m'masitolo ndi nigori, amene amasefedwa ndi sefa ya mabowo aakulu kotero kuti timisere ta mpunga timatsalamo. Botolo lake amayamba alipendeketsa kangapo asanathire, monga achitira womwa Chibuku ndi paketi yake.

Apa ndi pamene njira ziwirizi zimapatukana. Opanga sake anaphunzira kufulula m'nyengo yozizira kwambiri, pang'onopang'ono. Amathira mpunga, koji ndi madzi katatu pa masiku anayi, ndipo mowawo umawira milungu itatu mpaka isanu. Koji amatulutsa shuga pang'onopang'ono, yisiti n'kumadya nthawi yomweyo, mumtsuko umodzi. Chifukwa chakuti yisiti siithedwa mphamvu ndi shuga wambiri nthawi imodzi, ukali umakwera kufika pafupi ndi magawo 20 pa 100, umene ndi wapamwamba kwambiri pa mowa wosatcheza. Akafinya ndi kusefa amathirako madzi kuti utsike pa 15 kapena 16. Wosathira madzi amatchedwa genshu.

Kenako amautenthetsa pang'ono, pa madigiri a pakati pa 60 ndi 65, kuti zamoyo zonse za m'katimo zife mowa usasinthenso. Zolemba za amonke a ku Nara zimasonyeza kuti ankachita zimenezi kale m'zaka za m'ma 1500, zaka pafupifupi 300 Louis Pasteur asanafotokoze chifukwa chake zimathandiza. Njira imeneyi ndi imene inalola sake kukwera ngalawa kuchoka ku Nada, pafupi ndi Kobe, kupita ku Edo, mzinda umene lero ndi Tokyo. Sake wosatenthetsa amatchedwa namazake, ndipo sachoka m'firiji.

Mayina a pabotolo

Mayina aulemu a sake amachokera pa mafunso awiri. Loyamba: mpunga unapalidwa motani? Kunja kwa njere kuli mafuta ndi zomanga thupi, zimene ndi zabwino pa mbale ya chakudya koma zimalemeretsa fungo la mowa. Pakati ndi pamene pali sitachi yoyera. Mayi aliyense amene anakonolapo chimanga kuti achotse gaga atsale ndi mphale akumvetsa nkhaniyi popanda mphunzitsi, kungoti ku Japan makina amapitirira kupala mpaka njere itachepa zedi. Nambala imene imalembedwa pabotolo imanena zimene zatsala. Honjozo amafuna kuti patsale magawo 70 pa 100 kapena kucheperapo. Ginjo, 60. Daiginjo, 50: theka la njere iliyonse limachoka mowa usanayambe n'komwe, ndipo mtengo wake umasonyeza zimenezo. Ginjo ndi daiginjo amawira pozizira kwambiri ndipo amanunkhira ngati nthochi, apozi kapena vwende, ngakhale mulibe chipatso chilichonse.

Funso lachiwiri: kodi anawonjezeramo mowa wotcheza? Ngati mulibe, ndiye kuti ndi mpunga, madzi, koji ndi yisiti basi, ndipo pabotolo amalemba junmai. Mawu amenewa amatha kuima okha kapena kutsogolera ena, monga junmai ginjo. Kuwonjezera pang'ono mowa wotcheza si chinyengo. Opanga ena odziwika amatero dala kuti fungo lituluke bwino. Sake wamba wotchipa, futsushu, alibe mayina onsewa koma ndi amene amagulidwa kwambiri ku Japan.

Mpunga wake si uliwonse. Wotchuka kwambiri ndi Yamada Nishiki wa m'chigawo cha Hyogo, umene unapatsidwa dzinali mu 1936. Njere zake ndi zazikulu, zonenepa, zokhala ndi mtima woyera pakati. Kilombero wa ku Karonga, ndi kununkhira kwake konse, ndi wautali ndi wowonda, ndipo angasweke m'makina opalira asanafike theka. Madzi nawonso ali ndi mbali yake: a ku Nada ndi a mchere wam'nthaka wambiri ndipo amatulutsa sake wouma, wolasa, pamene a ku Fushimi ku Kyoto ndi ofewa ndipo sake wake ndi wofatsa.

Kumapeto kwa mzere kuli mowa wotcheza. Ku Japan ndi shochu, wa mbatata, balere kapena mpunga, amene nthawi zambiri amagulitsidwa pa magawo 25 pa 100. Kuno ndi kachasu, luso limene linakwera ndi Apwitikizi m'chigwa cha Zambezi. Amaviika madeya ndi shuga, kapena zipatso monga masau, mpaka zitawira. Kenako amaziika pamoto mumphika kapena mumgolo womata bwino, nthunzi n'kudutsa m'paipi yomizidwa m'madzi ozizira, n'kumadontha m'botolo. Woyamba kudontha, mutu, ndiye waukali kwambiri. Wotsatira amanka nafooka, ndipo wotcheza amasakaniza monga akuonera. Palibe chida choyezera, choncho velemoti ya kwa mayi uyu ndi ya kwa mayi uyo zingasiyane kutali. Pa zakumwa zonse zatchulidwazi, kachasu ndi amene wagwetsa mabanja ambiri, ndipo chifukwa china n'chakuti alibe mwambo womuyang'anira: sadikira dima, sadikira chiliza, sasasa, amapezeka tsiku lililonse ngakhale m'mamawa.

Kamwedwe

Sake ndi umodzi mwa mowa wochepa padziko lapansi umene umamwedwa wozizira, wapakatikati ndi wotentha, ndipo msinkhu uliwonse uli ndi dzina. Ginjo ndi daiginjo amakoma ozizira, pa madigiri cha m'ma 10, chifukwa moto umathamangitsa fungo limene wogula walipirira ndalama zambiri. Junmai ndi honjozo amalola kufunditsidwa. Pa madigiri 40 amati nurukan, pa 50 amati atsukan. Saika pamoto mwachindunji. Amathira sake m'kabotolo kadothi kotchedwa tokkuri n'kukaimika m'madzi otentha kwa mphindi zochepa. Mmalawi amene angakumane ndi sake mulesitilanti ya ku Johannesburg kapena Lusaka akumbukire kuti wotentha mpaka kuwotcha mlomo nthawi zambiri amakhala wotchipa amene akubisidwa zilema. Botolo likatsegulidwa likhale pozizira, pamdima, ndipo lithe m'masiku ochepa. Sake wambiri sapindula ndi kukalamba, kupatula mtundu wotchedwa koshu umene amausunga dala mpaka utafiira.

Mowa wofunda si wachilendo kuno ku Africa. Pakati pa Abemba a ku Zambia, mowa wa mawere umathiridwa madzi otentha m'chipanda n'kumakokedwa ndi bango. Masese a kuno amamwedwa monga alili, osati ozizira ngati a m'firiji, ndipo mbiya yadothi yoikidwa pamthunzi imawasunga bwino kuposa chigubu cha pulasitiki chimene chimatentha ndi dzuwa. Asanatunge amatakasa, poti zolemera zimakhala pansi, ndipo wolandira chipanda choyamba ndi womaliza ayenera kumwa mowa wofanana.

Ziwiya za sake ndi zazing'ono. Kakapu kotchedwa ochoko kamatha ndi makamwa awiri kapena atatu. Kabokosi kathabwa, masu, kamalowa mamililita 180, muyeso wakale wa mpunga, ndipo mabotolo amatsata muyeso womwewo: la 720 ndi masu anayi, lalikulu la malita 1.8 ndi masu khumi. Kuchepa kwa kapu n'kwadala. Pamwambo wa ku Japan munthu sadzithirira yekha. Amayang'ana kapu ya mnzake, ikachepa amamuthirira, ndipo wolandirayo amanyamula kapuyo ndi manja awiri. Wamng'ono amathirira wamkulu. Kapu ikakhala yaing'ono, mwayi wochitirana ulemu umabwera pafupipafupi.

Kumudzi kuno ulemu womwewo umayenda ndi chiwiya chachikulu. Chipanda ndi chimodzi, milomo ndi yambiri. Mwini mowa kapena wopereka amayamba walawa pamaso pa onse, kusonyeza kuti mulibe choipa. Amapereka atagwada kapena atanjuta, ndi manja awiri, kuyambira kwa akuluakulu, ndipo chipanda chimazungulira. Wochikakamira nthawi yaitali amamva mawu. Pamowa wa mwambo, mfumu imapatulidwira mtsuko wake, ndipo amuna ndi amayi amakhala magulu awoawo. Angoni a Maseko, amene Inkosi Kanduku ya ku Mwanza ndi mmodzi wa mafumu awo, sabisa kuti ingoma yopanda mowa ndi nyama ndi yoperewera.

Mbali zonse ziwiri, oyamba kumwa si amoyo. Ku Japan sake amaikidwa paguwa la milungu ya Shinto, ndipo akatero amatchedwa omiki. Paukwati wa chikhalidwe chawo, mkwati ndi mkwatibwi amamwa katatu pa kapu iliyonse mwa makapu atatu. Potsegulira nyumba yatsopano kapena pokondwerera chipambano amaswa chivindikiro cha mgolo wa sake ndi nyundo zathabwa. Kuno mowa kapena thobwa zimathiridwa pansi popereka nsembe kwa mizimu ya makolo, popempha mvula kapena popepesa. Pali mowa wa m'meto maliro akatha, mowa wa chinamwali, mowa wa chikumbutso. Palinso dima: mwini munda amafulula, anansi amabwera ndi makasu, ndipo mowa umatuluka ntchito ikatha. Amene amautulutsa ntchito isanathe amadziwa yekha mmene mizere imakhotera.

Nanga chodyera? Ku Japan sake amayenda ndi tinthu ta mchere: nsomba yaiwisi kapena yootcha, nyemba za soya zowiritsa m'makoko, ndiwo zoviika m'mchere. Achikulire a kumeneko sankamwa sake pamodzi ndi mpunga, poti ankati ndi mpunga kawiri, ndipo mbale ya mpunga inkabwera kumwa kukatha. Womwa masese amaganiza chimodzimodzi: mowawo ndi chakudya kale, ndipo mlimi amatha kulima mpaka masana ndi chipanda chokha m'mimba. Chofunika pambali pake ndi kanyenya, mang'ina kapena mtedza wokazinga. Junmai wofunda angayende bwino ndi chambo chootcha kapena usipa wokazinga, chifukwa sake salimbana ndi fungo la nsomba monga amachitira vinyo wina wofiira.

Mwini mowa ndani

Mu 1899 boma la Japan linaletsa kufulula mowa pakhomo. Chifukwa chake chinali ndalama: msonkho wa mowa unali umodzi mwa misonkho ikuluikulu ya dzikolo, ndipo mlimi womwa doburoku wake sankalipira kanthu. Lamulolo lidakalipo, ndipo munthu wopanda chiphaso saloledwa kupanga chakumwa chopitirira gawo limodzi pa 100. Luso linachoka m'makhitchini n'kutsala m'mafakitale, m'manja mwa akatswiri otchedwa toji, amene kwa zaka zambiri anali amuna okhaokha. Lero mafakitale amene akufululabe ndi opitirira pang'ono 1,000, ndipo anthu a ku Japan eniake akhala akuchepetsa kumwa sake kuyambira m'ma 1970. Mu Disembala 2024 bungwe la UNESCO linaika luso lofulula ndi koji pamndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse, mndandanda womwe nsima ya ku Malawi inalowapo mu 2017.

Kuno luso linatsala m'manja mwa amayi, ndipo lakhala likulipira msonkho, fizi ndi sopo kuyambira nthawi ya atsamunda. Pa njala ya 1949 boma linaletsa kufulula pofuna kupulumutsa chakudya, ndipo wolemba mbiri Megan Vaughan anasonyeza mmene amayi amene ankadalira mowa anatsalira manja lende nthawi yomwe ankafunitsitsa ndalama. Mowa wa m'mabotolo unakhazikika pamene Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre mu 1968, yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark, ndipo a m'malire amadziwanso 2M ndi Manica za tsidya lija. Koma mbiya sizinasweke. Ngakhale pamene mowa waukali wa m'masacheti unasefukira m'misika mpaka boma kuuletsa, n'kukhazikitsa ndondomeko ya dziko yokhudza mowa mu 2017, masese sanali pakati penipeni pa mkanganowo.

Nkhungu yoweta ndi yakutchire

Aspergillus oryzae, nkhungu ya koji ija, ili ndi mbale wake amene mlimi aliyense wa mtedza ku Malawi amamudziwa: Aspergillus flavus, chuku chimene chimagwira mtedza ndi chimanga chosauma bwino n'kutulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Asayansi amati koji ndi chuku chomwecho chimene chinawetedwa kwa zaka mazana ambiri mpaka chinasiya kutulutsa poizoni. Ku Japan kuli mabanja ndi makampani ochepa amene ntchito yawo ndi kusunga ndi kugulitsa mbewu yoyera ya nkhunguyi.

Chimera sichikhala ndi mlonda wotero. Chimamera m'chinyezi ndi m'kutentha, momwemo mmene chuku chimakonda, ndipo chikauma mochedwa nyengo ya mvula chimagwidwa mosavuta. Palinso chizolowezi chopatula chimanga chofumbwa kapena chowola kuti ichi n'cha mowa, chabwino n'kusungira nsima. Kafukufuku wa Limbikani Matumba ndi anzake, wofalitsidwa mu 2011 ndi 2014, anapeza poizoni wa chuku m'chimera cha mapira ndi m'mowa wa masese wa m'dziko muno. Kuwiritsa sikumuchotsa.

Zoopsa kwambiri zinachitika tsidya lina la malire. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, chigawo cha Tete, anthu obwera kumaliro anamwa mowa wa pombe wofululidwa ndi ufa wa chimanga. Anthu 75 anamwalira, kuphatikizapo mayi amene anafulula mowawo, ndipo oposa 200 anadwala. Mphekesera inafala msanga kuti wina anathiramo ndulu ya ng'ona, ndipo nyuzipepala za m'mayiko ambiri zinalemba zomwezo. Mwambo wolawa sukanapulumutsa munthu, chifukwa poizoniyo analibe kukoma kwachilendo ndipo ankayamba kugwira patapita maola. Patatha miyezi, zoyeza za m'malabotale akunja zinasonyeza kuti vuto silinali ndulu kapena mankhwala ophera tizilombo. Munali bongkrekic acid, poizoni wotuluka m'bakiteriya yotchedwa Burkholderia gladioli, imene inapezeka mu ufa wowonongeka ndi chinyezi umene anafululira. Poizoni ameneyu ankadziwika kale ku Indonesia ndi ku China, pa zakudya zosasitsa za kokonati ndi chimanga, koma ku Africa aka kanali koyamba kumutsimikizira.